Ulova mu Blantyre: ntchito zinapita kuti?

Nachisale wa ku Chilomoni:
Abale anga, ndikufuna tikambirane za ulova mumzinda wathu uno, koma tikambirane mofatsa, osati kungotukwana andale n'kukagona. Amene mumadutsa ku Makata kapena ku Ginnery Corner m'mawa mwawaona anyamata amene amakhala pa mageti a makampani, kudikira kuti mwina kapitawo atuluka n'kuloza anthu angapo okatsitsa matumba. Ambiri mwa iwo ali ndi MSCE, ena madipuloma ali m'zikwama. Blantyre timati ndi likulu la zamalonda. Nanga bwanji m'nyumba zambiri ku Mbayani, Ndirande, Bangwe ndi Chirimba mulibe ndi mmodzi yemwe wolandira malipiro mwezi ukatha? Kodi vutoli likukula, kapena ndife amene tayamba kuliona tsopano? Akuluakulu tiuzeni mmene zinalili. Amene mukusaka ntchito tiuzeni zimene mukukumana nazo. Olemba anthu ntchito musabisale, nanunso tikumveni.

Aphiri a ku Ndirande:
Likukula mwana wanga, ndipo ndaliona likukula ndi maso angawa. Ine ndinalowa ntchito pa fakitale ina ku Makata nthawi ya Kamuzu. Masiku amenewo ukaima pamsewu wochokera ku Ndirande m'bandakucha, umaona chinamtindi cha anthu chikutsikira ku mafakitale, ena pa njinga, ambiri wapansi, atanyamula mikute m'timapoto. Amadutsana ndi anzawo a shifiti ya usiku akubwerera kukagona. David Whitehead yokha imalemba anthu masauzande, thonje la ku Chikwawa ndi ku Balaka limasanduka nsalu konkuno. Lever Brothers ku Limbe imapanga sopo ndi mafuta ophikira. Kunali Nzeru yopanga mawailesi, kunali fakitale ya ndudu ya BAT, kunali Malawi Railways ndi malo ake okonzera sitima ku Limbe, komwe anyamata amaphunzirira umakaniko ali pa ntchito.

Sindikunena kuti kunali kokoma kokhakokha. Malipiro anali ochepa, ndipo kudandaula mokweza kunali koopsa. Koma munthu umadziwa kuti mwezi ukatha ulandira, ndipo wagolosale amakukongoza chifukwa amadziwa komwe umagwira.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1990, boma litayamba kugulitsa makampani ake komanso kutsegula zipata kuti katundu wakunja, monga kaunjika, azilowa mosavuta. Njanji inapita m'manja mwa kampani ina mu 1999, David Whitehead inagulitsidwa mu 2003. Makampani ena anangotseka makina n'kuyamba kuitanitsa kunja katundu yemwe kale amapangira kuno. Lero pitani mukaone. Zinyumba zina zimene munali makina ndi anthu mazanamazana zasanduka mosungira katundu wobwera pa mathiraki. Mosungira katundu mumafunika alonda, kalaliki ndi aganyu otsitsa, basi. Ndiye adzukulu anga mukuti akalowe kuti?

Aphunzitsi a ku Zingwangwa:
Zikomo agogo. Ndiwonjezereko manambala pang'ono. Kalembera wa 1998 anapeza anthu pafupifupi 500,000 mumzinda wa Blantyre. Pofika 2018 tinali titapitirira 800,000. Ndiye kuti nthawi yomwe mafakitale amatsekayo ndi yomwenso anthu amachuluka. Lilongwe inatipitirira kale pa kalembera wa 2008, ndipo mu 2018 inali ndi anthu pafupifupi 990,000. Ntchito za boma, maofesi a akazembe ndi mabungwe ambiri zili kumeneko kuyambira pomwe likulu linasamuka ku Zomba mu 1975. Blantyre imadalira mafakitale, mabanki ndi malonda, ndiye mafakitale akafooka, mzindawu umamva kuwawa kuposa Lilongwe.

Kalembera wa 2018 yemweyo anati mwa anthu 100 aliwonse ofuna kugwira ntchito m'dziko muno, pafupifupi 18 kapena 19 anali malova. Koma nambala imene imandidetsa nkhawa ine ndi ina. Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2013 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse amene akuti ali pa ntchito, 89 ali pa ntchito zosalembedwa m'mabuku: palibe kalata, palibe penshoni, palibe tchuthi. Ndipo powerengapo, munthu amene wagwira kantchito kolipidwa ngakhale kwa ola limodzi m'sabata yonse amamuika m'gulu la apantchito. Mayi wogulitsa mandasi pakhomo ali pa ntchito. Mnyamata woitanira minibasi pa Limbe ali pa ntchito. N'chifukwa chake nthawi zina mumamva manambala aang'ono kwambiri a ulova wa ku Malawi n'kumadabwa kuti akunena dziko liti.

Wakabaza wa pa Bangwe:
Ndiye kuti ineyo aphunzitsi amandiwerenga kuti ndili pa ntchito. Ndili ndi dipuloma ya zamalonda, koma chimene chimandidyetsa ndi njinga yamoto ya munthu wina. Ndimadzuka kusanache, ndimayamba ndi amayi opita kukapikula ndiwo ku msika wa Limbe. Ndalama yoyamba ndi ya mafuta, yachiwiri ndi ya mwini njinga imene amafuna tsiku lililonse kaya kwagwa mvula kaya ayi, yotsalayo ndiye yanga. Mafuta akasowa pa mafilingi ndimagula a m'zigubu pa mtengo wokwera, kapena ndigone pamzere tsiku lonse osapeza kanthu, mwini njinga n'kumadikirabe yake. Pa siteji pathu pamene ndimayamba tinalipo ochepa oti timadziwana mayina. Pano njinga zimachuluka kuposa okwera, kasitomala mmodzi akangoima timamuthamangira tonse. Ndikadwala palibe chimalowa m'nyumba. Ndikagwa nayo njinga, kukonza ndi kwanga, chipatala ndi changa. Ine sindikhala chabe, ndimagwira kuposa wa muofesi. Koma musanene kuti ndinapeza ntchito.

Namoyo:
Achimwene mwandilankhulira. Ine ndinamaliza digiri, makolo anagulitsa mbewu ndi mbuzi kuti ndimalize. Ndinalowa nawo pulogalamu ya boma ija yotumiza omaliza ku yunivesite m'maofesi kuti akaphunzire ntchito. Ndinaphunziradi zambiri, koma nthawi itatha anatithokoza n'kutiuza kuti malo kulibe. Kuyambira pamenepo ndi kuponya makalata basi. Kufotokopa mapepala ndalama, envulopu ndalama, minibasi yopita mtauni ndalama, bandulo yoonera zotsatsa ntchito ndalama. Kusaka ntchito nakonso kumafuna mpamba. Pano ndimakhala pa kabenchi ka Airtel Money ndi Mpamba ka achemwali anga, ndipo mumsewu wathu wokhawo timabenchi totere tandandana, tonse tikulimbirana anthu omwewo.

Amisiri a ku Ndirande:
Ndilankhuleko monga wolemba anthu, ngakhale malo anga ndi aang'ono. Ndimawotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a mawindo, mabedi, mbaula. Mundikhululukire ana anga, koma mbali ina vuto lili kwa inu. Mnyamata amabwera kuti akufuna ntchito, ndikamupatsa chopukutira dzimbiri kuti ayambire pamenepo, sabata isanathe wathawa. Akufuna tsiku loyamba lomwelo agwire makina, mwezi woyamba womwewo agule foni. Ife tinaphunzira ntchito zaka, tikutumidwa, tikusesa. Soche Technical ilipo, TEVETA ilipo kuyambira 1999, koma aliyense akufuna tayi ndi mpando wozungulira.

Namoyo:
Bambo, ndi ulemu wonse, mawu amenewa amatipweteka. Achimwene a kabazawa ali ndi dipuloma ndipo akupuma fumbi tsiku lonse. Tayi ali kuti pamenepa? Mu June 2020 unduna wa zaumoyo utaitana anthu ku mayeso a ntchito za alangizi a zaumoyo, anthu anakhamukira kumeneko masauzande, ku Mzuzu mpaka anapondana ena kuvulala. Imeneyo si ntchito ya mpando wozungulira, ndi yoyenda m'midzi ndi sikelo ya ana. Anthu aulesi sapondana chifukwa cha ntchito yotero. Komanso ndikufunseni: mnyamata wopukuta dzimbiriyo mumamupatsa chiyani? Ngati akuchokera ku Machinjiri wapansi n'kubwerera wopanda ndi ya sopo yomwe, athawa ndithu, chifukwa kunyamula katundu pa msika kumupatsa ya ufa tsiku lomwelo.

Amisiri a ku Ndirande:
Funso lanu ndi loona mwana wanga. Ndimawapatsa chakudya cha masana ndi kangachepe ntchito ikalowa. Kuti ndilonjeze malipiro a pamwezi sindingathe, chifukwa inenso sindidziwa kuti mwezi uno kubwera ntchito kapena ayi. Magetsi akazima makina anga ndi chitsulo chabe. Chaka cha 2022 chija, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, timakhala tsiku lonse kuyang'anana, magetsi n'kubwera pakati pa usiku. Ndinkadzuka kukawotcherera usiku, anansi akudandaula phokoso. Anyamata amene ndinali nawo ndinawauza kuti ayambe akhala kunyumba, ndipo ena sanabwererenso. Kenaka mtengo wa zitsulo. Umamuuza kasitomala mtengo wa geti lero, akamabwera ndi ndalama sabata yamawa chitsulo chakwera. Ntchito yoti n'kulemba anthu ambiri ndimaidziwa, manja ndili nawo, koma ndiwalipira chiyani?

Wamaakaunti wa ku Namiwawa:
Zimene akunena amisiriwa ndi zomwezo zikuchitika m'makampani akuluakulu, kungosiyana kukula. Ndimagwira ku kampani yopanga zinthu, ndipo ndikufuna mumvetse chifukwa chake pa geti pamalembedwa kuti ntchito palibe pomwe katundu wathu anthu akumufuna.

Pafupifupi fakitale iliyonse mu Blantyre imadalira zipangizo zochokera kunja: mankhwala osakanizira, mapulasitiki, zopakira katundu, zitsulo za makina. Zonsezi zimafuna madola. Mumapita ku banki ndi makwacha anu okwanira, banki n'kukuuzani kuti dikirani pamzere. Mumadikira masabata, nthawi zina miyezi. Pa nthawi imeneyo makina aima koma anthu akufunika malipiro. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Kampani imene inali ndi ngongole ya madola kwa ogulitsa akunja inadzuka m'mawa ngongoleyo itafufuma. Mukati mukakongole ku banki kuti mugule makina atsopano, chiwongoladzanja n'chosayambika. Cha Reserve Bank chokha chinafika pa 26 peresenti mu 2024, ndiye mabanki amaikanso chawo pamwamba. Ndi bizinesi yanji yopanga zinthu imene ingabweze zimenezo? Ndipo mabanki alibe chifukwa chovutikira ndi ife, popeza kukongoza boma kumawapindulira popanda chiopsezo chachikulu.

Ndiye bwana akakhala pansi amaona kuti kuitanitsa katundu wopangidwa kale n'kugulitsa kuli ndi mutu wochepa kusiyana ndi kuyendetsa fakitale. Apo ayi, amasunga anthu ochepa okhazikika, ena onse n'kumawatenga ngati aganyu: oda ikabwera aitanidwe, ikatha azipita. Anyamata a pa geti amene Nachisale akunena ndi amenewo. Ena akhala akulowa ndi kutuluka pa geti lomwelo kwa zaka, koma dzina lawo silinalowepo m'buku la apantchito.

Musaiwalenso kuti mu 2022 momwemo masitolo a PTC anatsekeka, ndipo ADMARC, yomwe likulu lake linali ku Limbe, inachotsa antchito ake masauzande. Munthu mmodzi wa pa malipiro akachotsedwa, wantchito wa m'nyumba mwake amachotsedwanso, wa kabaza amene amanyamula ana ake wataya kasitomala, mwini nyumba wataya lendi.

Mayi a kaunjika pa Limbe:
Pamenepo pomaliza mwalasa. Ife a geni timadya kuchokera kwa apantchito. Kale ikafika pa 25 mpaka pa 5 timadziwa kuti ndi masiku athu, belo limatha msanga. Pano mwezi ukutha ngati sunathe. Anthu amagwira malaya, kufunsa mtengo, kuwabwezera pamulu. Ogulitsa ndiye tikuchulukirachulukira, chifukwa aliyense wochotsedwa ntchito akalandira kandalama kake amabwera kudzayala pambali panga. Akuluakulu akamalankhula pa wailesi amati achinyamata musadikire kulembedwa, yambani mabizinesi. Chabwino, ayamba. Wina tomato, wina chiwaya, wina makala, wina mayunitsi. Agula ndani? Tonse tikugulitsana tokhatokha ndalama yomweyo.

Koma agogo Aphiri, kaunjika musamuimbe mlandu kwambiri. Waphunzitsa ana anga, wavekanso anthu amene sakanakwanitsa nsalu ya mu sitolo. Mpamba wanga ndinaupeza ku banki m'khonde, ndipo belo likatuluka loipa ndimagona osatseka maso poganiza zobweza.

Aphiri a ku Ndirande:
Sindikuimbani mlandu inu amayi, mukusaka chakudya cha ana ngati wina aliyense. Mlandu uli kwa amene anatsegula chitseko osaganiza kuti otuluka m'mafakitale apita kuti. Thonje tikulimabe, koma lambiri limatuluka m'dziko lisanasanduke malaya. Nandolo wa ku Chiradzulu ndi ku Mulanje amadutsa m'magodauni a ku Limbe kupita ku India. Amayi amapezako ganyu yosankha ndi kusoka matumba, nyengo ikatha abwerere kunyumba. Fodya chimodzimodzi, okushoni ikatseka ntchito zatha.

Achisale a ku Lunzu:
Ine maganizo anga ndi osiyana. Bwanji achinyamatawa osabwerera kumudzi kukalima? Akuluakulu anati khasu liposa mako ndi tate. Kukakamira mtauni kugona anthu asanu m'kachipinda kamodzi ku Mbayani, pomwe kumudzi kuli minda, nzeru zake zili pati?

Mwana wa ku Thyolo:
Amalume, minda yake iti? Kwathu malo abwino ndi a tiyi, mudzi wathu unapanikizika m'mphepete mwa esiteti. Munda wa amayi anga ukagawidwa kwa ana tonse, aliyense apeza poti n'kumangapo nyumba basi. Ku Chiradzulu, ku Mulanje, ku Phalombe nkhani ndi yomweyo. Anthu amene akudzaza Bangwe, Chigumula ndi Kachere sanathawe khasu, anathawa njala. Thumba la fetereza mtengo wake mukuudziwa. Ndipo namondwe Freddy atabwera mu March 2023, minda ina inakokoloka, ina inakwiririka ndi mchenga ndi miyala, anthu enanso anabwera mtauni. Kuno nako Freddy sanatisiye: ku Chilobwe ndi ku Manja, m'munsi mwa phiri la Soche, matope anatenga nyumba ndi anthu omwe. Amene anamanga m'phirimo ndi anthu omwe tikukambawa, osowa ntchito yoti n'kulipira lendi pamalo abwino. Ena amaswa miyala momwemo kuti adye. Ine ndikanakhala ndi malo ndi madzi othirira, bwenzi ndili kumudzi lero lomwe.

Achisale a ku Lunzu:
Za kuchepa kwa malo kumeneko ndazimva. Komabe amene kwawo kuli malo aganizirepo. Kuno ku Lunzu tomato ndi anyezi zikutulutsa anthu.

Mnyamata wa ku Chirimba:
Tisazungulire. Mu 2020 anatilonjeza ntchito 1 miliyoni. Tinavota, tinadikira. Zili kuti? Andale onse ndi amodzi, amatifuna nthawi ya kampeni kuti tizivala makaka ndi kuvina.

Nachisale wa ku Chilomoni:
Achimwene, lonjezo limenelo linaperekedwadi ndipo muli ndi ufulu wofunsa. Koma ndapempha kuti tisasandutse zokambiranazi bwalo la zipani, chifukwa tikayamba zimenezo ena atuluka. Zimene afotokoza agogo Aphiri zadutsa m'maboma a UDF, DPP, PP ndi MCP, ndipo geti la ku Makata silinasinthe. Amene ali pampando lero tiwafunse za magetsi, za madola ndi za mafakitale, mofanana ndi mmene tikanafunsira wina aliyense.

Mnyamata wa ku Chirimba:
Ndamva achemwali. Koma ine ndatopa, ndikupanga za pasipoti. Kaya ku Joni kaya ku Israel, kulikonse.

Nabanda ku Johannesburg:
Mchimwene wanga, ndikulembera ndili konkuno, ndiye undimvere. Sindikuletsa. Ndalama zimene ndimatumiza ndi zimene zikulipira fizi ya ang'ono anga ku Ndirande, ndipo kwathu sindikanazipeza. Agogo athu nawonso ankabwera kuno ku migodi nthawi ya Wenela ndi TEBA, si njira yachilendo. Koma iwo ankabwera ndi mgwirizano wolembedwa. Ambiri a ife tikubwera ndi masiku ochepa a pa pasipoti, akatha timakhala mobisala. Ntchito zake ndi za m'nyumba, m'minda ya maluwa, m'mashopu ndi pa zomangamanga. Bwana akadziwa kuti mapepala ako anatha, amakulipira mmene wafunira chifukwa akudziwa kuti sungakadandaule kulikonse. Eni dziko nawonso ulova wawakuta kwambiri, ndiye mkwiyo wawo umagwera ife obwera. Ukagwidwa ndi ku Lindela, kosungira anthu opanda mapepala, kudikira kutumizidwa kwanu chimanjamanja. Ndawaona aphunzitsi ndi anthu a madigiri akutsuka magalimoto kuno. Ngati ukubwera, ukhale ndi m'bale weniweni wokulandira, ukhale ndi luso la m'manja, ndipo usapereke pasipoti yako kwa wothiransipota aliyense kuti akusungire.

Za ku Israel, anyamata anayamba kupita kukagwira ntchito m'minda kumapeto kwa 2023, nkhondo ili mkati. Zimenezo zokha zikuuze mmene ulova wafikira kwathu. Ngati ukuganiza za kumeneko, kafunse ku ofesi ya zantchito kaye usanapatse munthu ndalama.

Namoyo:
Pa nkhani yopereka ndalamayi ndichenjeze anzanga. Pali anthu amene akudyera pa ulova wathu. Amaika uthenga pa WhatsApp kapena pa Facebook kuti bungwe lakuti likufuna anthu, ukatumiza kalata amakuimbira mwaulemu kuti wasankhidwa, koma utumize ndalama ya fomu, kapena ya yunifolomu, kapena yoyezetsa kuchipatala. Ukangotumiza, nambala ija siipezekanso. Mnzanga anakongola ndalama ya katapila chifukwa cha zimenezi, mpaka lero akubweza. Ntchito yeniyeni salipiritsa.

Chinanso chimene atsikana timakumana nacho, ndipo ambiri amachita manyazi kunena. Ndinaitanidwapo ku intavyu pa kampani ina, zonse zinayenda bwino, madzulo ake mmodzi wa ondifunsa aja n'kundiimbira kuti tikakumane ku malo ogona alendo kuti tikamalizitse nkhani. Ndinakana, ntchito sindinaimvenso. Ndinalira usiku umenewo, osati chifukwa cha ntchitoyo yokha, koma poganiza kuti pali mtsikana wina amene kwawo kulibe chakudya amene aimbiridwanso foni yomweyo. Azibambo a pagulu pano amene muli ndi maudindo, zimenezi zikuchitika m'maofesi mwanu.

Wamaakaunti wa ku Namiwawa:
Pepani kwambiri achemwali. Zimachitikadi, ndipo lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa mchitidwe umenewu. Mauthenga otero musamafufute, ndi umboni. A Malawi Human Rights Commission amalandira madandaulo a mtundu umenewu.

Wakale wa bungwe la apantchito:
Ndawerenga zonse. Ndikufuna ndilankhule ndi amene muli pa tintchito tosaoneka bwinoti, chifukwa ulova ukachuluka, amene ali pa ntchito nayenso amasanduka kapolo. Bwana amangoloza pa geti n'kunena kuti ukadandaula pali anthu akudikira malo ako.

Dziwani izi. Malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa anachoka pa K50,000 kufika pa K90,000 mu 2024, kenaka K126,000 mu 2025, ngakhale a m'nyumba ndi a mabizinesi ang'onoang'ono ali ndi mlingo wawo wotsikirapo. Taganizani lendi, ufa, makala, minibasi ndi fizi pa ndalama imeneyo. Komabe alipo alonda ndi ogulitsa m'mashopu mu Limbe amene sakufika ngakhale pamenepo. Lamulo la Employment Act la 2000 limati wolembedwa ntchito apatsidwe zolembedwa zofotokoza ntchito yake ndi malipiro ake, maola a pa sabata asapitirire 48 popanda ovataimu, ndipo munthu sachotsedwa popanda chifukwa chomveka komanso mwayi woti adziteteze. Pa penshoni, bwana amayenera kuika 10 peresenti, inu 5 peresenti. Ambiri amadulidwa 5 yawoyo mwezi ndi mwezi, tsiku lochoka n'kupeza kuti siimafika komwe imayenera kupita. Muzifunsa sitetimenti ya penshoni yanu mukadali pa ntchito.

Mukalakwiridwa yambirani ku ofesi ya zantchito ya boma, zikakanika nkhani imapita ku khoti la Industrial Relations, lomwe lilipo mu Blantyre momwe muno. Milandu imachedwa, zimenezo n'zoona, koma anthu amapambana. Sungani kapepala kalikonse: ka malipiro, ka chenjezo, ngakhale uthenga wa pa foni wokuuzani kuti musabwerenso.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mabungwe a apantchito mphamvu zawo zinali m'mafakitale momwe anthu anali pamodzi mazanamazana. Wakabaza, wa pa benchi ya Mpamba, waganyu wa pa geti, aliyense ali payekha, ndipo palibe bwana mmodzi woti n'kumukhalira pansi.

Wakabaza wa pa Bangwe:
Ife pa siteji tili ndi kabungwe kathu madala. Timasonkha tsiku lililonse, wina akachita ngozi kapena akaferedwa timathandiza. Chaka chino tayamba chipereganyu choti mmodzi ndi mmodzi azigula njinga yakeyake, asiye kugwirira wina. Zikuyenda pang'onopang'ono chifukwa mitengo ya njinga ikuthawa, koma amene anagula kale akupuma bwino. Vuto ndi lomwe lija: tonse tikagula, okwera ndi omwewo.

Aphunzitsi a ku Zingwangwa:
Pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Ine chaka chilichonse ndimatsanzikana ndi ana a Fomu 4. Ochepa amapita ku MUBAS, ku KUHeS kapena ku Zomba, ena ku makoleji olipira. Otsalawo ndimakumana nawo pa Ginnery Corner akugulitsa machaja, amandipatsa moni mwaulemu koma maso ali pansi. Anzawo a m'makalasi a m'munsi amawaona. Mwana wina wanzeru kwambiri anandifunsa m'kalasi kuti, aphunzitsi, achimwene anga anakhoza bwino MSCE koma akuswa miyala, ine ndilimbikire chifukwa chiyani? Ndinamuyankha zimene mphunzitsi amayenera kuyankha, koma funso lake limandibwererabe.

Maphunziro a luso ndi ofunika, amisiri sakunama. Ngongole za NEEF nazo zathandizapo ena. Koma wowotcherera wophunzira bwino amafuna munthu womanga nyumba, womanga nyumba amafuna malipiro, malipiro amafuna malo opanga chinthu chogulitsika kunja kwa mzinda uno. Khonsolo ya mzinda, a bungwe la amalonda la MCCCI amene amachititsa chionetsero cha zamalonda pa Chichiri chaka ndi chaka, ndi aphungu athu onse a mu Blantyre, tiziwafunsa funso limodzi: chaka chino ndi mafakitale angati atsegulidwa, ndipo alemba anthu angati okhazikika?

Amisiri a ku Ndirande:
Mwana wanga Namoyo, mawu ako aja andikhala pamtima. Ndakambirana ndi mnzanga wa matabwa amene tinayandikana naye. Mwezi wamawa tili ndi ntchito ya mageti ndi mafelemu pa nyumba ina ku Chileka. Nditha kutenga achinyamata awiri oti aphunzire, mnzangayo mmodzi. Chakudya cha masana chilipo, ya minibasi ndiziwapatsa tsiku lililonse, ndipo tigwirizana polemba kuti ntchito ikatha alandira zingati. Mtsikana akafuna abwere, ndinaphunzitsapo mmodzi ndipo amawotcherera bwino kuposa anyamata ambiri.

Nachisale wa ku Chilomoni:
Zikomo bambo. Ofuna musaike manambala anu pagulu pano chifukwa cha akuba aja anena Namoyo. Nditumizireni uthenga kumbali, ine ndikulumikizani ndi amisiri. Wamaakaunti, mungathandizeko kuona makalata ofunsira ntchito a achinyamata angapo? Ena akutumiza makalata olembedwa mosalongosoka osadziwa.

Wamaakaunti wa ku Namiwawa:
Ndingathe, Loweruka masana. Atumize kwa inu, mundipatsire pamodzi. Aikemo ndi ntchito zimene akugwira panozi, ngakhale kabaza kapena benchi ya Mpamba, asazibise. Munthu amene wasunga ndalama za eni tsiku ndi tsiku osasowetsa, ife olemba timamuona.

Mnyamata wa ku Chirimba:
Achemwali Nachisale, ndakutumizirani uthenga. Pasipoti ndipangabe, koma zowotchererazo ndikufuna ndiphunzire kaye. Amisiri, ndilibe nsapato zolimba za pa ntchito, kodi ndingayambe ndi zimene ndili nazo?

Amisiri a ku Ndirande:
Bwera ndi zomwezo, bola zikhale zotseka zala, osati masilipasi. Magalasi a m'maso ndikupatsa ine. Ufike 7 koloko isanakwane, tiyambe magetsi akadalipo.